Mphuno ya a Keziah ndi Botolo la Febian

A Keziah Daka a ku Ndake anabadwa mu 1911, namwalila pa 9 Juni 1987. Pa utsikana wao anali kuchapa zovala za mkazi wa mzungu wina ku Boma ku Petauke. Anabwelako ndi msana woŵaŵa komanso mphuno yodziŵa pefyumu. Ati pefyumu wa dona wacizungu uja anali kumvekabe pa diresi ngakhale litachapidwa.

Pa Loweluka, 13 Sepitembala 1958, Febian Mumba anafika ku Ndake pa njinga kucoka ku nchito ku Salisbury. Anabweletsela Perpetua, mtsikana amene anali kufuna kukwatila, kabotolo ka civindikilo cagolide. Anauza mudzi wonse kuti ndi pefyumu wa ku Falansa, yemwe uja wa madona. Amake Perpetua anali atakana kale anyamata aŵili cifukwa ca bodza. Iwo anati, "Ngati wanama, abwelele kwao ndi njinga yake." Anaitana a Keziah kuti aweluze.

A Keziah sananunkhize botolo. Anadontheza pang'ono pa mkono wa Perpetua, namutuma kukatunga madzi ndi kusinja nshawa. Ine ndinali mphunzitsi watsopano m'deralo, ndipo ndinakhala nao pansi pa mtengo wa mango.

Poyamba fungo linali la maluŵa, lokoma ndithu. Dzuŵa litakwela, a Keziah anakweza mkono uja, naununkhiza, nati, "Sopo." Masana anati, "Nshawa."

Anamuitana Febian. "Iwe mwana wa a Mumba, Falansa wako watha ndiwo zisanapse. Unagula kuti?"

"Pa sitolo ya pafupi ndi siteshoni, amai. Mwini sitolo analumbila kuti ndi weniweni."

"Iwe unamvapo weniweni?"

"Iyai. Ndikanamumva kuti? Ine ndimanyamula simenti."

A Keziah anaseka mpaka kupukuta misozi ndi citenje. Kenaka anatembenukila kwa amake Perpetua.

"Amai, wabodza watsala ku Salisbury, ali m'sitolo mwake. Uyu anangopusitsidwa. Mkamwini wotele musamutaye, mukamuuza kuti munda wanu ndi waung'ono adzakhulupilila, aulime wonse."

Ukwati unacitika pa 4 Okutobala ku Nyimba. A Keziah anaima pakhomo pa chalichi ndi kabotolo m'manja, namudzoza Perpetua pomwepo. Anauza abusa kuti afupikitse ulaliki, fungo lisanasanduke sopo.