Tsiku limene abusa anadzoza kafukufuku wanga

Pokwera basi ku Katete, amayi anandipatsa lamulo limodzi: wamkulu akanena kanthu, uzigwada ndi kuvomera. Lamulolo ndinafika nalo ku Lusaka losasweka. Ndinkakhala ku Kalingalinga kwa amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, ndipo m'mawa ndinkapita ku yunivesite wapansi, kudutsa pakati pa owotcherera mageti ndi akalipentala a m'mbali mwa msewu, ndikupereka moni kwa aliyense ngakhale kwa osayankha.

Chaka chomaliza ndinapatsidwa kafukufuku. Aphunzitsi anga, mayi dokotala wa fizikisi wosataya mawu, anandiikira m'manja kamwala kotuwa, konyezimira, koterera ngati mtima wa pensulo. Dzina lake ndi molibudenamu daisalufaidi. Amakanika amakumana nako mu girizi wakuda uja osadziwa. Mwalawu ndi wosanjikizana ngati masamba a kabichi, ndipo tsamba lililonse ndi maatomu a chitsulo oyalidwa pakati pa maatomu a salufa, pamwamba ndi pansi. Ukakhala wochindikala ndi mwala chabe. Koma ukausenda mpaka kutsala tsamba limodzi, umasintha khalidwe: ukauunika ndi nyali yamphamvu, nawo umabweza kuwala kofiira. N'chifukwa chake akatswiri akunja akulimbana nawo, kuti apangire tizipangizo ta m'mafoni topyapyala kuposa timene tilipo.

Ntchito yanga inali kusenda, ndipo chida changa chinali selotepu. Ndinkamata tepi pamwala, kumatula, kupinda, kumatulanso, mpaka zotsalira zioneke ngati utsi. Kenako ndinkadinda tepiyo pa kagalasi ka silikoni kofanana ndi chikhadabo, n'kuyamba kusakasaka pa maikulosikopu. Nthawi zambiri ndinkapeza zinyalala zokhazokha.

Mwana wa amayi aakulu, mkulu wanga wobadwira m'tauni, amagulitsa zikuto za mafoni. Ndikamalowa pageti ankakuwa kuti aneba amve.

"Ba sayantisti babwela! Lelo mwamata vingati, ba bosi?"

"Sindinapezebe kanthu, achimwene."

"Iwe, ine nimata magalasi pa mafoni ya bantu na sukulu yanga ya giledi naini. Iwe na yunivesite yonse umata vamene sivioneka?"

Ndinkaseka nawo, poti anali wamkulu.

Ndinakapeza m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Kanali kachigamba ka tsamba limodzi lokha, kosaoneka ndi maso, kakang'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi, kosiyana mtundu pang'ono chabe ndi galasi lenilenilo. Adokotala anasuzumira pa maikulosikopu n'kunena kuti, "Ndi kameneka." Kwa iwo kumeneko kunali kuvina. Makina oyezera kuwala kuja kuno kulibe, choncho anati Lolemba adzapita nako ku South Africa, kumene anali ndi ulendo. Popanda muyeso umenewo ndinalibe choti ndilembe, ndipo popanda cholemba sindikanamaliza sukulu pamodzi ndi anzanga. Anakatsekera m'kabokosi ka pulasitiki, n'kundiuza kuti ndikasamale mpaka Lolembalo, ndipo kasakhudzidwe.

Chimwemwe chinandiyabwa pakamwa, ndipo ndinauza amayi aakulu. Anasiya kusita.

"Chiyenda ku Joni? Na ndeke?"

"Inde, amayi."

"Manje ba pasta bachiona?"

M'nyumba imeneyo palibe chimene chinkayamba ntchito kapena ulendo chisanadzozedwe mafuta. Firiji inadzozedwa. Mabolopeni anga a mayeso anadzozedwa mpaka ankaterera m'zala. Minibasi ya aneba inadzozedwa matayala onse, ndi la sipeya lomwe.

"Amayi, kanthu kameneka sikafuna kukhudzidwa."

"Ndani akamba vogwila? Ni pemphelo chabe. Ubwelese mailo. Ufuna chikagwe na ndeke?"

Ndinagwada n'kuvomera. Mumtima ndinkati bokosi likhala lotseka, pakuti pemphero limadutsa malata, nanga pulasitiki ingalikanize bwanji?

Tsiku lotsatiralo, Loweruka masana, chipinda chochezera chinadzaza. Mkulu wanga anali atafalitsa kale kuti ndapeza emarodi, mwala wobiriwira wamtengo wapatali uja, choncho kunabwera amayi a mpingo, aneba, ndi bambo wina amene anatenga miyala yake m'thumba la shuga kuti ndimuyezere. Abusa anafika atavala suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka, botolo la mafuta lili m'thumba la jekete.

"Chili kuti chintu?" anatero abusa.

Ndinayenda ndi mawondo, n'kupereka kabokosi ndi manja awiri. Anakatembenuza, n'kutsegula chivindikiro.

"Abusa, pepani, mwina chikanakhala chotseka..."

Mawu anga anamira mu "Ameni" wa amayi a mpingo. Kumudzi anatiphunzitsa kulankhula ndi akulu motsitsa, ndipo ine phunziro limenelo ndinakhoza bwino.

Abusa anayang'anitsitsa kagalasiko, maso atatsinzina pang'ono.

"Nachiona," anatero. "Ni chikulu."

Bokosi linayenda m'manja. Aliyense anachiona. Mayi wina anati chili ngati mapu a Zambia. Wina anati ayi, ndi mtanda. Bambo wa miyala uja anati emarodi yosapsa imaoneka chomwecho. Mkulu wanga yekha ndiye anati, "Ine sinionapo vilivonse," ndipo amayi ake anamumenya pankhongo chifukwa chosowa chikhulupiriro.

Kenako abusa anatsegula botolo. Ndinaona chala chawo chachikulu chikunyowa, chikutsika. Ndinatsegula pakamwa, koma m'mutu munabwera amayi anga ali pa siteshoni ya basi. Chalacho chinatera pagalasi, n'kupaka mtanda, n'kubwerezanso mwamphamvu, poti ulendo wake unali wautali. Atamaliza, amayi aakulu anapukuta mafuta otayikira m'mbali ndi nsonga ya chitenje.

"Ona mwamene chawalila manje," anatero. "Chenze na doti."

Ndinaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo, abusa."

Lolemba m'mawa adokotala anayang'ana pa maikulosikopu nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani?"

"Chala, adokotala."

"Cha ndani?"

"Cha abusa."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Ndi chala chabwino," anatero. "Mizere yonse ikuoneka. Koma sindingapite nacho."

Tinatsuka galasilo ndi mankhwala. Mafuta anachoka, koma kachigamba kanga kanali katapita kale, kaya ndi chala kaya ndi chitenje. Adokotala anakwera ndege chimanjamanja. Asananyamuke anandiuza kuti mnzawo wina adzapita komweko chaka chikangoyamba, ndipo pambuyo pa iyeyo sipadzakhalanso wina mpaka mayeso atatsekedwa.

Ndinabwerera ku selotepu. Mvula inagwa, Kalingalinga inasanduka matope, magetsi ankazima ndili pakati posaka. Kunyumba amayi aakulu ankafunsa ngati chinthu chafika bwino ku Joni. Nditawauza kuti chinafufutika, sanadabwe.

"Mwaona? Ba pasta banachosa chamene chenze choipa. Sembe unafeluka nacho mayeso. Chinangu chikapezeka, ubwelese futi."

Chinapezeka, chokulirapo pang'ono kuposa choyamba, Khirisimasi itangodutsa. Ndinakhala pampando wa mu labu osadziwa chochita. Kukana amayi aakulu sindikanatha, pakuti ndinkadya chakudya chawo ndi kugona m'nyumba mwawo. Kunama sindinaphunzitsidwe. Ndinapita kwa adokotala, manja kumbuyo, n'kupempha ngati angandipatse kagalasi kena ka silikoni kopanda kanthu, ka m'gulu la zoswekasweka zotaya.

Anandiyang'ana. "Ka abusa?"

"Inde, adokotala."

Anandipatsa kabwino, ndi kabokosi kake komwe. Chenicheni chija anachitsekera m'kabati n'kuika kiyi m'chikwama chawo.

Kunyumba ndinagwada n'kunena kuti, "Amayi, ndabwera nako kagalasi ka ku labu," ndipo zimenezo zinali zoona. Abusa anabweranso, anthu anadzazanso. Anayang'anitsitsa n'kulengeza kuti ichi chaposa choyamba chija. Anachidzoza mowolowa manja, ndipo nthawi imeneyi "Ameni" wanga anamveka mpaka panja. Nditanena kuti kameneka kakhoza kutsala m'nyumba, amayi aakulu anati n'zomveka, mphamvu yake imayenda yokha.

Chenicheni chinapita ndi mnzawo wa adokotala uja, ndipo atachiunika chinabweza kuwala kofiira monga mabuku amanenera. Ndinalemba zimene anapeza, ndipo ndinavala gauni pamodzi ndi anzanga. Pa phwando amayi aakulu anaimirira n'kufotokozera alendo kuti mwana ankamata matepi chaka chonse osaphula kanthu, mpaka mafuta atalowererapo.

Kagalasi kopanda kanthu kaja kali m'kabati ya m'chipinda chochezera, pakati pa makapu amene palibe amamwera. Alendo amakasuzumira ndipo ambiri amachiona. Mkulu wanga akadutsa amandiyang'ana n'kunong'oneza kuti, "Ba sayantisti, ine nikali sinionapo." Loweruka lililonse amayi aakulu amakatulutsa pamodzi ndi makapuwo, n'kukapukuta bwinobwino ndi chitenje.