Tsiku limene anakugendani ku Chirimba

Amayi, lero kutchalitchi kunabwera anamwino kudzafunsa odwala matenda oiwalaiwala, pamodzi ndi ife owasamalira, kuti chithandizo chiziyenda bwanji. Ine maganizo anangothawira ku tsiku lija. Munazemba pakhomo m'mawa n'kukalowa m'khitchini mwa eni ake, muli opanda nsalu, mukuti mukuphikira ana phala. Ndinakupezani anthu atakuzingani, akukuwa kuti, "Mfiti yagwa!" Mwala unakung'ambani pachipumi, wina n'kukumenyani ndi thabwa kumsana. Mayi wina anandigwira mkono: "Asisi, mukuwadziwa amenewa?" Mulungu andikhululukire, ndinakhala chete. Matenda anu ndinkawabisa ngakhale kwa aneba, ati kuopa manyazi. Munalankhula ndinu, magazi akulowa m'maso: "Musamukankhe mwanayo, ndi wanga." Chonsecho panali patatha chaka musakundizindikira.

Mabala aja simunachire nawo, ndipo mpaka lero ndikagwada kuti ndipemphere, funso la mayi uja limandipeza. Ndiye lero anamwino aja atandipatsa mpata ndinaimirira. Ndinati asathere kuchipatala kokha, apite akaphunzitse aneba ndi amumsika. Kenako ndinatchula dzina lanu mokweza, n'kunena kuti ndinu mayi anga. Ndayankha mochedwa, Amayi, koma ndayankha.