Thadzi la anang'omba a Alufeyo

A Alufeyo anali kalipentala pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Limbuli. Makolo awo anachokera ku Milanje wapansi, kutsidya kwa malire, iwo n'kubadwira m'nyumba za kampani, n'kukulira momwemo. Anali munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, ndipo pensulo sinkachoka kukhutu kwawo ngakhale m'tchalitchi. Anthu ankati a Alufeyo anakwatira kawiri, koyamba kwa a Malita, kachiwiri kwa anang'omba.

Masiku amenewo, m'ma 1970, kumunsi kwa minda kunali kankhalango, ndipo mmenemo munkakhala anang'omba asanu ndi awiri, mbalame zakuda zazikulu ngati nkhukundembo, zoyenda pansi mwaulemu. Mbandakucha zinkalira mogunda ngati ng'oma, othyola tiyi n'kudziwa kuti yakwana nthawi yonyamula madengu. Ndani ankafuna wotchi? Zinali zaka zokoma, ngakhale malipiro anali a mchere ndi sopo basi.

Aliyense ankawerenga zisanu ndi ziwiri. A Alufeyo okha ndiwo ankawerenga imodzi. Anaona kuti zisanu ndi imodzi zinali zofiira khosi lonse, atambala okhaokha, koma imodzi inali ndi kachigamba kabuluu pakhosi. Limenelo ndilo linali thadzi, lokhalo loikira mazira m'mphako ya mkuyu. Enawo ntchito yawo inali kulitutira njoka ndi ziwala. Mwana ankakula mmodzi, mwina patapita zaka zinayi kapena zisanu.

Vuto linali mazenera. Tambala akaona chithunzi chake pagalasi ankayesa mdani, n'kulimenya ndi mlomo, galasi phwaa! Nyumba ya bwana manijala inali itataya magalasi asanu ndi atatu, ndipo bwanayo analamula kuti likasweka lina, a Jailosi, mlonda wa mfuti, aombere imodzi kuti zinzake ziope.

A Alufeyo anapita kwa mlondayo ali ndi mantha.

"Achimwene, mukadzaombera, muyang'ane pakhosi. Ya buluuyo ayi, chonde."

"Inu a Alufeyo, mbalame zilipo seveni. Imodzi ikapita mudandaula chiyani?"

"Sizili seveni, achimwene. Mayi ndi mmodzi."

A Jailosi anangoseka, nati amva.

Kuyambira pamenepo, bwana akachoka n'kusiya nyumba ili zii, a Alufeyo ankapaka laimu magalasi onse apansi kuti mbalame zisadzione. Anachita zimenezi chaka chathunthu popanda wowatuma, a Malita akuwanyoza kuti malaya onse ayera.

Loweruka lina mu 1974 kunali msonkhano wa chipani ku Limbuli. Masiku amenewo msonkhano sunkakanidwa. Lole inafika m'mamawa, a Alufeyo n'kukwera, chidebe cha laimu chili pakhonde. Anaomba m'manja tsiku lonse mtima uli kwina, poti bwana anali atapita ku Blantyre.

Pobwerera madzulo anapeza galasi lili mbwee pansi, a Jailosi ataima pakapinga. Zitamva mapazi, mbalame zinathawa, ndipo mlondayo anaombera yotsalira m'mbuyo, yolemedwa. A Alufeyo anagwada, natembenuza khosi lake, naona kachigamba kabuluu kaja. Analira ngati pamaliro, osachita manyazi, akuluakulu ndevu zili pepeya.

"Pepani," anatero a Jailosi. "Patali zonse n'zakuda. Komabe zatsala sikisi."

Zinatsaladi, ndipo nang'omba ndi mbalame yokhalitsa. Atambala aja anayendabe m'mphepete mwa tiyi chaka ndi chaka, onenepa bwino, alendo n'kumayamikira kuti kuno mbalame zilipo. A Alufeyo ankayembekeza kuti thadzi lina lidzachokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, koma nkhalango za pakati zinali zitasanduka minda. Dzinja lililonse ankakwera makwerero kukasuzumira m'mphako muja. Ankapezamo masamba atsopano, amene atambalawo ankatutirabe.

Zinatsala zinayi, kenako ziwiri. Pamene a Alufeyo ankapuma ntchito mu 1989 inali itatsala imodzi, yotsimphina. Tsiku lotsanzikana, a Jailosi, nawonso atachita imvi, anawapeza akumanga zipangizo zawo.

"Mwaiona ija? Ikadalipotu."

"Ndaiona, achimwene."

"Mwina chaka chino kubwera thadzi."

A Alufeyo anamanga chingwe pabokosi, nakoka mfundo kawiri. "Likabwera lidzapeza nkhalamba," anatero, "ngati ife tomwe."