Nyumba ya Pamwamba pa Osula Zitsulo

Sabreen anabadwira m'mudzi wina wa alimi a nzimbe kufupi ndi Minya, ndipo kuyambira utsikana wake anthu ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: manja odziwa kusoka ndi pakamwa posasunga mawu. Akakwiya ankanena pomwepo, akakondwa ankanenanso pomwepo, moti amayi ake ankadandaula kuti mwana ameneyu adzakalambira pakhomo. Anakwatiwa ndithu, ndi Gharib, mnyamata wophika buledi, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Anthu ankaseka kuti Mulungu anawaphatikiza bwino, wina azilankhula, wina azingovomera.

Mwana wawo woyamba, Rawda, anadwala matenda oumitsa khosi asanayambe n'kulankhula bwino komwe. Anachira, koma makutu anapita. Ndiye pali anthu amene amaganiza kuti mwana wosamva amakhala phee. Bodza lenileni limenelo, afunseni amene analerapo. Rawda sankadzimva yekha, choncho akaseka nkhunda za padenga zinkabalalika, akakoka mpando ankaukoka ngati akulima nawo, ndipo akafuna amayi ake ankamenya chiwaya ndi sipuni mpaka abwere. Sabreen ankamukonda mwanayo mopweteka mtima. Anapangana naye zizindikiro zawozawo za madzi, za njala, za bambo, koma kunja kwa nyumbayo panalibe munthu amene ankavutikira kumuyankha.

Rawda atafika zaka zisanu ndi ziwiri, Gharib anapeza ntchito yophika buledi ku Kairo, ya usiku, ndipo Sabreen anayendayenda mpaka mwanayo anapatsidwa malo pasukulu ina ya ana osamva mumzindamo. Apongozi ake a Sabreen sanakondwe nazo.

"Mukamuvutitsirenji mwana kutauni?" anatero mayiwo. "Musiyeni kuno azindithandiza kudyetsa nkhuku. Sukulu ya chiyani kwa munthu wotereyu?"

Gharib, poopa kukhumudwitsa mayi ake, analonjeza kuti sukulu ikatsegulira iwo asanapeze nyumba yawoyawo, Rawda abwerera kumudzi. Sabreen anamuyang'ana mwamuna wakeyo diso loti akanakhala mkaka akanasasa pomwepo, koma mawu anali atatuluka kale. Ndiye nkhani inali imeneyo: nyumba ipezeke mwezi usanathe, ikhale pafupi ndi sukulu, lendi yake ikhale yoti wophika buledi angathe, apo ayi mwana akakulira m'khola la nkhuku.

Anafikira ku Imbaba, kwa msuweni wa Gharib, n'kumagona pansi m'chipinda chochezera, iwo awiri, Rawda, ndi kakhanda kawo Yahya. Sabata isanathe, Awatef, mkazi wa msuweniyo, anayamba kulankhulira m'mphuno.

"Ife sitikukuthamangitsani ayi, mlamu, pano ndi panu. Kungoti a m'chipinda cha pansipa abweranso, akuti kodi mwatsegula sitolo ya ziwaya?"

Ku Kairo nyumba sumaifuna wekha, umapita kwa dobadoba. Wawo anali a Shehata, bambo a mimba yaikulu amene ofesi yawo inali mpando wa pamalo omwera tiyi, makiyi ali mulu m'thumba la mkanjo. Kwa iwo nyumba iliyonse inali ya mphepo yabwino, ngakhale yopanda zenera. Anawatengera ku Marg, kumene lendi inali yabwino ndithu, koma kuchoka kumeneko kukafika kusukulu kunali kokwera minibasi, kutsika, kukweranso ina.

"Malume, mwana azikafika anzake akuweruka?" anafunsa Sabreen.

Anawatengera kufupi ndi sukuluyo, ndipo atatchula mtengo Gharib anangoseka, chifukwa malipiro ake onse akanathera pakhomo pomwepo, mchere osagula. Kwina kunali kotchipa koma makoma akuchucha madzi, kwina kunali pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yopanda denga lenileni. Masiku ankapita, nsapato za Sabreen zinkatha, ndipo mantha anayamba kumudzutsa m'mawa asanadzuke mwana.

Kenaka a Shehata anabwera akumwetulira. Ku Shubra kunapezeka zipinda ziwiri m'nyumba ya anthu achikulire, mtengo wabwino, minibasi imodzi basi kukafika kusukulu. Koma eni ake ankafuna anthu achete.

"Mayi a Rawda," anatero Gharib akuyang'ana pansi, "lero lokha Rawda atsale ndi Awatef. Tikalowa m'nyumbamo zinazo tidzaziona."

Sabreen anavomera, ndipo zinamuwawa kuti wavomera. Nyumbayo inali yokongola, ya matailosi oyera, khonde lake loyang'ana mtengo. Eni ake, a Hajja Inayat, anawalandira ndi tiyi, akulankhula motsitsa chifukwa amuna awo anali chigonere m'chipinda cha pansi, matenda a mtima.

"Ana muli nawo angati, mwana wanga?"

"Awiri, Hajja," anayankha Gharib. "Winayo ndi wamkazi, wofatsa kwabasi, simungadziwe n'komwe kuti alipo."

Sabreen anayang'ana matailosi aja. Anadziona akuthamangira mwana tsiku lonse, kumulanda sipuni, kumutseka pakamwa akaseka, kumumenya mwina, pa mlandu woti iye mwini sakuumva. Kapu ya tiyi anaiika pansi.

"Hajja, ndisakunamizeni, ndinu ngati mayi anga. Mwana wanga ndi wosamva, ndipo phokoso lake m'Shubra monse muno mulibe mwana angamupose."

Mayiwo sanali oipa mtima. Anamugwira dzanja, n'kunena kuti Mulungu amusunge mwanayo, kenaka mwaulemu wonse anabweza kiyi m'thumba mwawo.

Pamasitepe Gharib anakwiya, koyamba chikwatiranireni.

"Pakamwa pakopo, Sabreen. Nyumba inali m'manja. Ndiye ukamuuze wekha mwanayo kuti akupita kwa agogo ake."

A Shehata nawo anali atataya ndalama yawo ya udobadoba, ndiye anapsa mtima.

"Inu mayi, ngati mukufuna kumene anthu sadandaula phokoso, kulipo. Ku Sabtiya, msewu wa osula zitsulo. Pamwamba pa shopu ya a Usta Fikri, mmisiri wamkulu wa kumeneko, pali zipinda zimene zakhala zopanda munthu chaka chonse. Amene ndinawalowetsamo komaliza anathawa mwezi usanathe, mkazi akulira mutu. Lendi yake ndi yongotaya, ndipo kusukulu kwanuko ndi koyenda pansi."

Iwo ankanena monyoza, koma Sabreen anaima.

"Tikaioneko mawa."

"Ine ndimagwira ntchito usiku, masana ndimagona," anatero Gharib. "Ndizigona pamwamba pa nyundo? Ukufuna ndidzagwere mu uvuni?"

Apa mwamunayo ankanena zoona. Munthu wobwera m'mawa maso ali psuu, manja atapsa, n'kumuuza kuti agone pamene anthu akuphwanya zitsulo, imeneyo ndi nkhanza. Sabreen anangoti, "Tikaone chabe, bambo a Rawda. Mukakana, ndakana nanenso."

M'mawa mwake Awatef anati mutu ukumupweteka, sangathe kutsala ndi mwana, ndiye Rawda anapita nawo. Msewuwo unawalandira asanauone n'komwe. Nyundo uku, makina odulira uku, ena akuwotcherera zitseko panjira penipeni, ngolo zikutsitsa mipiringidzo ngati kugwa kwa nyumba. Kakhanda kanadzidzimuka n'kulira pang'ono, kenaka kanagonanso pachifuwa pa mayi wake. Gharib nkhope inali itagwa kale.

A Usta Fikri anali bambo aafupi, a mapewa otambalala, ndevu zaimvi zothimbirira ndi mwaye. Nyundo za zaka zambiri zinali zitawadya makutu, moti a Shehata anachita kuwakuwira kukhutu kuti awa abwera kudzaona nyumba. Iwo anangoloza masitepe ndi chibwano.

Zipindazo zinali zazikulu kuposa za ku Shubra, madzi akutuluka mwamphamvu, dzuwa likulowa bwino. Koma magalasi a m'mazenera ankanjenjemera osaleka, ndipo fumbi lakuda linali paliponse. Gharib analankhula kanthu, Sabreen anangoona milomo ikuyenda. Atatembenuka anapeza Rawda wavula masilipasi, waima pakati pa chipinda, mapazi ali pasimenti, maso ali tong'o. Nyundo ikagunda pansipo, iye ankadumpha. Ikagundanso, n'kudumphanso. Kenaka anaseka kuseka kwake kuja, kwa khosi lonse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe anatembenuka.

Mwanayo anathamangira pakhonde, makolo ake n'kumutsatira. Kuchokera pamwambapo ndi pamene Sabreen anaona chimene sanachione ali pansi. Mumsewu umenewo anthu sankalankhulana ndi pakamwa, angamvane bwanji? Wina ankaitanitsa tiyi kutsidya kwa msewu pozunguza chala m'kapu ya m'malere. Wina ankafunsa muyeso ndi zikhatho, mnzake n'kumuyankha ndi zala. Awiri ena ankatukwanana bwinobwino, manja okhaokha, mpaka wachitatu kuwaleretsa.

Rawda anazunguza chala chake m'kapu ya m'malere. Wogulitsa tiyi wa kutsidya kuja anamuona, n'kumufunsa ndi dzanja kuti shuga angati. Mwanayo anatambasula zala zonse khumi. A Usta Fikri, amene anali atatuluka kudzapuma, anakweza maso, n'kumuloza, n'kutembenuza chikhatho: ndiwe wa yani? Rawda analoza bambo ake, n'kuonetsa kukanda ufa. Analoza mayi ake, n'kuonetsa kusoka. Kenaka analoza a Shehata, n'kufufumitsa masaya, manja atazungulira chimimba cha m'malere, n'kuyenda chopendama. Msewu wonse unagwa nacho chiseko, ena mpaka kusiya nyundo.

"Mwana wopanda mwambo," anatero a Shehata, koma nawonso ankaseka, mimba ikugwedezeka.

Gharib sanaseke. Anali atagwira chitsulo cha khonde, akuyang'ana mwana wake akucheza ndi anthu osawadziwa, chinthu chimene anali asanachionepo chibadwire mwanayo. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kuweramira kukhutu kwa mkazi wake.

"Tiitenga."

"Nanga tulo tanu?"

"Thonje amagulitsa. Usandifunsenso, ndingasinthe maganizo."

Analowa m'nyumbamo sukulu itatsala pang'ono kutsegulira. Musaganize kuti zinali zokoma zokhazokha. Miyezi yoyamba Gharib anaonda, thonje silinathandize kwenikweni, ndipo masiku ena ankakagona pa matumba a ufa kuntchito mpaka dzuwa litapendeka. Zovala za pachingwe zinkauma zili zotuwa. Sabreen ankakolopa m'mawa, madzulo n'kukolopanso, akutukwana fumbi ndi makolo ake omwe. Koma makina ake osokera ankawapalasa nthawi iliyonse imene wafuna, ndipo akazi a osulawo anayamba kumubweretsera nsalu. Gharib naye thupi linazolowera, mpaka anayamba kudandaula kuti Lachisanu, mashopu akatseka, tulo sitibwera chifukwa kuli zii. Apongozi aja atabwera kudzacheza anapirira masiku awiri, n'kukwera sitima atamanga mutu ndi mpango, nkhani ya nkhuku osaitchulanso.

Rawda ankapita kusukulu m'mawa uliwonse atagwira dzanja la mayi ake, ndipo ankabwerako ndi mawu atsopano a manja, enieni a kusukulu, ochuluka kuposa a mumsewu muja. Sabreen ankawaphunzira madzulo akusadzula denje, mwana ali mphunzitsi, wolusa kwambiri mayi akalakwitsa. Rawda akaweruka, malo ake anali pakhonde.

Tsiku lina chakumasana kunamveka kugogoda kwamphamvu pachitseko. Sabreen atatsegula anapeza a Usta Fikri, thukuta lili kamukamu, nkhope itakwinyika. Anayembekezera zoipa, chifukwa eni nyumba akakwera masitepe okha sikawirikawiri kubwera ndi zabwino.

"Mayi a Rawda," anakuwa bambowo, poti iwo kulankhula kwawo kunali komweko, "ndabwera ndi dandaulo. Mwana wanuyu mumulangize."

"Walakwanji, Usta?"

"Ntchito sikuyenda. Anyamata anga maso ali pakhonde, akumvera nkhani zake. Dzulo wina anatsala pang'ono kudziphwanya chala. Msewu wonse ukudziwa zimene munaphika, ukudziwa kuti bambo ake amaliza mkonono mpaka bedi kugwedezeka, ukudziwanso kuti mphunzitsi wake wa masamu ali ndi dazi. Ine ana ndalera asanu ndi mmodzi, koma wolongolola chonchi sindinamuonepo. Watengera ndani?"

Sabreen anakhala pansi pakhomo pomwepo, nsalu imene ankasoka ili m'manja, n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa misozi ndi mamina, uku akuseka. A Usta anasokonezeka, anayamba kupepesa kuti sanatanthauze zoipa, mwanayo azicheza ndithu, kungoti azidikira nthawi ya tiyi.

"Musapepese, Usta," anatero Sabreen atapeza mpweya, akukuwa kuti amve. "Nenaninso. Mwati mwana wanga ndi wotani?"

"Wolongolola," anatero a Usta Fikri. "Kwambiri."