Chingwe cha Deusdete Sichigwiridwa ndi Mkazi

Mukafunsa pamtsinje wonse wa Arapiuns za mlenje wamwayi, akulozerani mwamuna wanga Deusdete. Mukafunsa ine Neide, ndikulozerani nkhutukumve amene ndalankhula naye mpaka malovu kuuma.

Deusdete sathamangitsa nyama, amaidikirira. Mitengo ya pikiya ikayamba kugwetsa maluwa, agwape amabwera kudzadya patsinde, ndiye iye amamanga nsanja m'mwamba, n'kukhala phee ndi mfuti yake. Nsanja anali nazo zitatu, ndipo ankazisamala kuposa denga la nyumba yathu, limene likudontha mpaka lero. Mitengo yomangira ankadula mwezi ukamapita kumdima, ati kuti isafumbwe. Misomali ankaikana, ankamanga ndi luzi, ndipo mvula ikatha ankamasula lonse n'kumanga latsopano. Pamenepo sindingamunene, ntchito yake ankaidziwa.

Vuto linali chingwe cha nayiloni chimene ankadzimangirira nacho m'chiuno ku thunthu la mtengo, kuti asagwe akamakonza nsanja kapena akayamba kusinza. Chimenecho sankachisintha. Ankati n'chamwayi, poti anali nacho tsiku limene anapha gwape woyamba titangokwatirana. Komanso kuno mkazi sagwira zida za mlenje. Akagwira, mwamuna amalowa panema, tsoka lija loti nyama imakununkhiza uli kutali, ndipo ukawombera umaphonya ngakhale ili pamphuno.

Koma ine ndimasoka maukonde, nayiloni ndimamudziwa. Amawola chamkati kunja akuoneka bwinobwino. Ukamupotokola n'kuona kafumbi koyera, dziwa kuti watha. Chaka chimene ndinabereka Ivonete, mwana wathu woyamba, ndinapotokola chingwecho iye ali kumunda, fumbi lake linandiyeretsa zala. Ndinagula china chofanana nacho, ndinachiviika m'matope, ndinachiika pautsi kwa mchemwali wanga mpaka chinada, n'kumanga mfundo monga amamangira mwini wake. Chakalecho ndinachiponya mumtsinje. Kuyambira pamenepo, mvula ziwiri zikadutsa ndinkachita chimodzimodzi.

Ndiye mumumve ali pakati pa anzake! "Chingwe ichi, akuluakulu, n'chachikulu kuposa ana anga. Nayiloni wakale uyu, osati zamasiku anozi. Chinsinsi n'chimodzi basi: dzanja la mkazi silinachikhudzepo." Ine ndikuwathirira khofi, nditaluma mlomo.

Chaka chino anandipezerera. Mavu anamuluma kumunda, anabwerako dzuwa lisanafike paliwombo, n'kundipeza kukhitchini zingwe ziwiri zili pamwendo.

"Neide! Ukutani ndi chingwe changa?"

"Ndikukupulumutsani, bambo inu. Taonani fumbi ili."

"Wandipha, mkazi iwe! Wandithira panema!"

"Panema imathyola msana? Chimene chithyole msana wanu ndi ichi."

Ndikanaulula zonse pomwepo. Koma ndinachita mantha kumuvula ulemu wa zaka makumi awiri ndi zisanu nthawi imodzi, ndiye ndinakhala chete. Kukhala chete kumeneko kumandipwetekabe.

Chatsopanocho anachiduladula ndi chikwanje. Chakalecho anachitsuka monga amachotsera panema, ndi madzi a chinangwa chowawa osakaniza ndi tsabola, kenako n'kuchiyanika padzuwa sabata yathunthu. Nayiloni wowola kale, padzuwa! Ndinkati ndikachiona chili poyanikapo, mutu unkandiwawa.

"Tengani chingwe cha bwato, chonde. Ine sindichiyandikira."

"Cha bwato chinaphapo gwape? Ndinayamba kukwera mitengo iwe usanamere mano."

"Tsiku lakufa nyani mitengo imaterera."

"Eya, wayamba kunditemberera tsopano!"

Lachiwiri m'mawa anapita ndi mchimwene wanga Josimar kukasintha mitengo ya nsanja ya kumadambo. Josimar akuti Deusdete anatsamira chagada pachingwecho, monga wachitira moyo wake wonse, kuti akoke luzi ndi manja awiri. Chingwe sichinalire n'komwe, chinangoduka. Anagwera pamizu ya pikiya, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Tinayenda naye maola asanu ndi limodzi pa boti kupita kuchipatala ku Santarém, iye akubuula, ine ndikulira ndi ukali womwe. Adokotala anati kuyenda adzayenda ndi ndodo, koma zokwera mumtengo aiwale.

Titabwerako anangokhala mu rede, nsalu yolendewera imene timagonamo. Anzake alenje anabwera kudzamuzonda.

"Mwaona, kompadre mnzanga?" anatero Deusdete kwa wamkulu wawo. "Zaka zonsezi chingwe osaduka. Mkazi wangochigwira kamodzi, ndi izi."

Onse anagwedeza mitu movomereza. Wina anakoka chikwama chake kuti siketi yanga isachikhudze podutsa ndi khofi. Atangochoka, ndinaika makapu pansi n'kumuuza zonse: matope, utsi, mfundo, ndi zingwe zakale zimene zili pansi pa mtsinje.

Ali chiyang'anire kudenga, anafunsa kuti, "Kuyambira liti?"

"Chaka cha Ivonete."

"Agwape onse aja?"

"Onse. Munawapha mutamanga chingwe cha mkazi m'chiuno, ndipo munkanyambita zala."

Anatembenukira kukhoma. Kenako anati, "Usauze munthu."

M'mawa mwake kunabwera mlendo wina, ndipo ndinamumva ndi makutu angawa akufotokoza nkhani ya panema ija osasintha ngakhale liwu limodzi. Ndinatsala pang'ono kumuthira khofi pamutu.

Mlendoyo atapita, anandiitana motsitsa mawu.

"Neide, tabwera. Chingwe cha rede uyu chikulira. Tachipotokola."

Ndinachipotokola, ndinamuuza kuti n'cholimba. Anati ndione cha kumiyendonso, koma ndiyambe ndatseka chitseko.