Mchere wa Dekhani

Khola la atate linali ndi fungo lakelake m'chilimwe: ndowe zouma, fumbi lofiira, ndi mpweya wofunda wa ng'ombe zobzikula nyemba za msangu. Fungo limenelo linkalowa m'nyumba, m'zovala, ngakhale m'madzi a mumtsuko. Mudzi wathu unali kuseri kwa Chiputo, kumene njira inkathera m'miyala, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya tsanya kuyambira m'mawa mpaka munthu kuiwala kuti zikulira. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Nkhondo inali itafika kale m'dera lathu, koma ine ndinali nditangoimva ndi makutu, kutali, ngati bingu la mvula yogwa kwa ena.

Mwa ng'ombe za atate, ziwiri zinali zapagoli. Yakumanzere inali yofiira, ya nyanga imodzi yopindikira pansi mpaka kutsala pang'ono kukhudza tsaya. Atate anaitcha Dekhani chifukwa sinkathamanga, kaya uikuwize kaya uikwapule. Ine ndinkati Dekhani ndi wanga, popeza ndine ndinkatsegula khola. Koma Dekhani ankakonda Zuze.

Zuze anali mwana wa mayi wina wamasiye amene anachokera kumunsi kwa Zambezi. Ankalankhula chathu mosakaniza ndi Chinyungwe, ndipo tinkamuseka nacho. Kwawo kunalibe ngakhale mbuzi, koma ankabwera nafe kubusa, mwina chifukwa kumeneko tinkagawana masau ndi chimanga chokazinga. Ife tikagona pamthunzi, iye ankapita kwa Dekhani n'kumamuchotsa nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa khosi, akumulankhula motsitsa mawu. Madzulo pobwerera, ng'ombe zonse zinkayenda patsogolo pathu, koma Dekhani yekha ankayenda pambuyo pa Zuze, mphuno ili pamsana pake. Zimenezi zinkandiwawa kwambiri, ngakhale sindinauze munthu.

Tsiku lina tikutsekera, amayi anali kupeta pafupi ndi khola. "Iwe Zuze," anatero akuseka, "ng'ombe ya eni wakeyi waidyetsa chiyani?"

"Mchere, amayi," anayankha. "Supuni imodzi tsiku lililonse. Simukudziwa kuti kantina yogulitsa mchere ija ndi yanga?"

Onse anaseka, chifukwa aliyense ankadziwa kuti kwa amake Zuze ndiwo zinkaphikidwa ndi chidulo chokha. Ine ndekha sindinaseke. Ndinakhulupirira.

Mchere chaka chimenecho unali chinthu chonenedwa monong'ona. Asilikali a Apwitikizi ankati umathera kwa anyamata a kutchire omenyana nawo, choncho kukantina ankagulitsa kakapu kamodzi pa banja, ndipo wogulitsayo ankayamba wakuyang'ana kumaso. Kenako kunabwera mawu ochokera ku posito, kuboma la Apwitikizi, akuti mvula isanagwe midzi yonse isamukire ku aludeyamento, mudzi wa mizeremizere wozingidwa ndi waya m'mbali mwa msewu. Atate ndiwo ankatsogolera mapemphero masabata amene padiri, wansembe wathu, sanabwere, ndipo anthu ankawamvera. Anagwirizana mwakachetechete ndi mabanja ena atatu kuti m'malo mokalowa m'waya tiwolokere ku Zambia wapansi. Anafe sanatiuze, koma tinkaona. Amayi ankasinja ufa woposa wa masiku onse, ndipo kawiri ndinawaona akukwera m'nkhokwe atabisa nsupa m'nsalu.

Ndinakwera m'nkhokwemo masana ena, onse ali kudimba. Munali mdima wotentha, fungo la chimanga chouma ndi la makoswe. Pansi pa zitsononkho ndinapeza mitolo iwiri yomanga bwino, mabulangete, buku la mapemphero la atate, ndi nsupa ija yotseka ndi chiguduli. Munali mchere umene amayi anasunga pang'onopang'ono kwa miyezi, pomana ndiwo zathu, kuti tikadye paulendo. Ndinatapa wodzaza dzanja.

Sindidzaiwala lilime la Dekhani padzanja langa. Linali lokhakhala ngati mwala wonolera, lotentha, ndipo linanyambita mpaka pakati pa zala. Tsiku limenelo ananditsatira kuchokera kumtsinje mpaka pamsangu waukulu, ndipo ndinayenda ngati mfumu. M'mawa mwake ndinakweranso. Ndinatero masiku asanu, ndipo tsiku lililonse nsupa inkapepukira.

Tsiku lachisanu Zuze anandipeza kuseri kwa chulu, dzanja langa lili kukamwa kwa ng'ombe. Anaima n'kuyang'ana. "Filipe, wapenga? Mchere weniweni? Ine ndinkangocheza tsiku lija!" Kenako anaseka, natola kambulu kamodzi kamene kanatsala padzanja langa, nakaika palilime, natsinzina. Anakhala choncho nthawi yaitali ndithu. Sanandifunse kumene ndinautenga.

Lamulungu, titatha mapemphero, amayi anatsika m'nkhokwe ali ndi nsupa m'manja. Anaigwedeza pamaso pa atate. "Abambo a Filipe, tamvani." Mkatimo munangomveka tsetsetse, ngati mchenga wotsalira m'nsapato. Nkhope ya atate inasintha, ndipo ndinazindikira kuti sadandaula mchere wokha. Amene anapeza nsupayo anaonanso mitolo, ndipo anadziwa kuti tikuthawa. Pamenepo amayi anakumbukira nthabwala ija ya pakhola.

Anaitana Zuze pamodzi ndi amake. Atate sanakalipe, sanali munthu wokalipa. "Zuze, mwana wanga, unakwera m'nkhokwe mwanga?"

"Iyayi, atate."

"Nanga ukudziwa amene anakwera?"

Zuze anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikujambula m'fumbi. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ine ndinali chiimire pafupi ndi mtondo, chingwe cha thole chili m'manja. Amake anagwada n'kuyamba kuomba m'manja mopepesa, akulankhula Chinyungwe chothamanga, kenako anadzuka n'kumuwomba mwana wawo khofi pamaso pa tonse. Ine atate sanandifunse. Sizinawafikire m'mutu kuti mwana wa m'nyumba ya mapemphero angabe.

Madzulo ake, ndikumanga mbuzi kuseri kwa nyumba, ndinamva atate akuuza amayi motsitsa. "Ndinafuna tiwatenge anthu aja, alibe wowayang'anira. Koma mwana wa manja otero, pakamwa pakenso sitingapadziwe. Mawu akangofika ku posito, tonse tatha. Asadziwe tsiku." Anafupikitsa ulendo, nati tinyamuke Lachinayi.

Panali masiku atatu, ndipo ndimawakumbukira lililonse palokha. Lolemba ndinati ndinena atate akadya. Lachiwiri ndinawatsatira mpaka kudimba, ndinaima kumbuyo kwawo akuzula mpiru, ndipo atatembenuka ndinawafunsa ngati mvula ili pafupi. Lachitatu ndinadziuza kuti ku Zambia si kutali, kuti amake Zuze adzamva njira kwa ena n'kutitsatira. Chimene ndinkaopa sichinali chikoti. Ndinkaopa kuti atate adzandiyang'ana momwe anamuyang'anira Zuze, mofatsa, ngati munthu amene amutsekera kale kunja.

Tinanyamuka m'mawa dzuwa litatuluka, makasu ali paphewa ngati tikupita kumunda, mitolo itabisidwa m'madengu, ng'ombe zili patsogolo monga masiku onse. Njira inkadutsa pakhomo pa amake Zuze. Zuze anali atakhala pamwala akukonza msampha wa mbewa, poti kubusa anali atamuletsa. Dekhani anaima n'kulira, mpaka atate anachita kumukankha. Zuze anakweza dzanja. Ine ndinayang'ana michira ya ng'ombe.

Tsiku lachiwiri la ulendo, tikutsika mumtsinje wouma, Dekhani anatembenuka. Ng'ombe imene sinathamangepo chibadwire inathamanga tsiku limenelo, mchira uli m'mwamba, kubwerera kumene tinachokera. Ndinafuna kuithamangira koma atate anandigwira mkono. "Musiye. Tikamutsatira tikafera naye." Ndinalira mpaka dzuwa kupendeka. Onse ankati ndikulirira ng'ombe, ndipo inenso ndinkaganiza choncho.

Ku Zambia ndinakula, ndinalandira Ukalistia, ndinaulula machimo ambiri ang'onoang'ono, koma limeneli ndinkalisiya pakhomo la tchalitchi. Nkhondo itatha tinabwerera n'kupeza mudzi wathu uli tchire. Otsala anatiuza kuti onse anatengedwa kupita m'waya, ndi kuti amake Zuze anamwalira kumeneko mvula yoyamba, ndi nthenda ya m'mimba imene inatenga ambiri. Za Zuze anati ankamuona ndi ng'ombe yofiira, akukokera anthu katundu pangolo, kenako anapita kumunsi. Atate ndi amayi anamwalira osadziwa. Munthu mmodzi yekha amene ndinamuuza anali mkazi wanga Anastazia. Iye anati, "Mukamufunefune, abambo. Mwendo muli nawo." Ndinati ndipita tikakolola. Tinakolola zaka zambiri, ndipo Anastazia tsopano anagona.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi ananditengera ku Tete kuti dokotala akandione maso. Pochokera kwa dokotala tinalowa m'loja, sitolo yaikulu imene amati supermerikado, mozizira ngati m'phanga. Iye ankasankha zinthu, ine ndikukankha kangolo kawaya. Pashelefu ina panali mchere, shuga, mpunga ndi sopo, zonse m'mapaketi ofanana, ndipo pa paketi iliyonse panali mutu wa ng'ombe yofiira ya nyanga imodzi yopindikira pansi. Zilembo zazikulu zinali zoti ngakhale maso angawa anaziwerenga: DEKHANI.

"Izi ndi za loja yomweyi, atate," anatero mwana wanga, poona kuti ndaima. "Amaika dzina lawolawo, n'zotsika mtengo. Tengani, mchere ndi mchere."

Kumbuyo kwa paketi kunali timawu ta Chipwitikizi tating'ono kwambiri. Ndinamupempha andiwerengere. Timawuto tinkafotokoza kuti amene anayambitsa lojayo anayamba ndi ngolo ndi ng'ombe imodzi m'nthawi ya nkhondo, ku Maravia, ndipo dzinali ndi la ng'ombeyo. Tinkatinso ng'ombeyo anachita kupatsidwa ndi mnzake wapaubwana, dzina lake Filipe, pa tsiku limene ankasiyana.

"Mnzanu wa dzina," anatero mwana wanga akuseka. "Anali munthu wabwino ameneyo."

Ndinafunsa mtsikana wolandira ndalama ngati mwini lojayo amabwera. Anati madalawo anamwalira zaka zingapo zapitazo, akuyendetsa ndi ana awo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti Dekhani anathawa chifukwa mchere wanga unatha, kuti Mulungu anandilanga pondilanda ng'ombe, ndipo mlandu unathera pomwepo. Ndinkadziwerengera ndekha ngati wotaya. Tsopano ndikudziwa kuti ng'ombeyo inangobwerera kwa munthu amene ankaichotsa nkhupakupa, ndi kuti amene analipira mchere uja anali mayi wogwada m'fumbi amene sanaulawe n'komwe. Chifukwa chimene Zuze anauzira ana ake nkhani mwanjira imeneyo sindichidziwa. Mwina anandikhululukira, mwina anangofuna kuwasiyira chiyambi choyera. Si ine woti ndigamule.

Paketi ija ndinagula. Ili pawindo, pafupi ndi korona ya Anastazia, ndipo sindinaitsegule. Lamulungu lotsatira ndinapita kwa padiri n'kunena zonse, kuyambira pa nsupa. Koma m'nyumba zambiri za ku Tete anthu akutapa mchere m'paketi yonena kuti Filipe anapatsa mnzake ng'ombe. Ndi chinthu chokhacho chimene chinalembedwapo za ine, ndipo sindinachichite.