A Laston Namakhwa ndi Mtedza wa Chuku

A Potiphar, mlembi wa mpingo wathu kuno ku Chigaru, anafika pakhomo panga sabata yatha atanyamula mapepala ndi cholembera. Akuti, "Mayi, masika ayandikira. Tilembereni mbiri ya malemu amuna anu tiyike m'kalata ya mpingo, anthu atengerepo chitsanzo. Koma ikhale yaifupi ndi yokoma." Ndalemba. Siyaifupi ndipo siyokoma. Ine ndine Magret, sukulu ndinalekezera Sitandade 5, mawu okometsera sindinawafike. Mukadulapo ngakhale mzere umodzi, a Potiphar, ndidzaima pakhomo la tchalitchi n'kunena zonsezi pakamwa.

Amuna anga a Laston Namakhwa anabadwira ku Chileka, kuseri kwa bwalo la ndege. Mayi awo anamwalira iwo asanayambe kuyenda, ndiye analeredwa ndi amalume awo pakhomo pa ana ambiri. Mwana wamasiye amadya pomaliza. Zimene anzake atola n'kubweza m'mbale, zimenezo ndiye zake. Anakula choncho, ndipo sanadandaulepo. Analowa kalasi, anabatizidwa ali mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo Lamlungu silinawapezepo kwina kulikonse kupatula m'tchalitchi.

Titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu kuno ngati mkamwini. Ntchito yawo inali yotchetcha udzu m'mbali mwa msewu wa ndege. Lolemba mbandakucha ankakwera njinga wa ku Chileka, Lachisanu madzulo n'kutulukira, nsana utapsa ndi dzuwa. Mowa sanamwepo, fodya sanasutepo, dzanja sanandikwezerepo. Ukulu wa mpingo sanaulawe, chifukwa jekete analibe ndipo kulankhula pagulu kunkawavuta. Koma tchalitchi ankasesa ndi iwo. Belu ankaliza ndi iwo. Munthu akadwala, njinga yomutengera kuchipatala ku Lirangwe inali yawo. Pamaliro ankayamba kufika kumanda n'kumaliza kuchoka. Zimenezi aliyense akuzidziwa, ndipo sinditayapo inki.

Ndikufuna ndinene za mtedza.

Tikakumba mtedza n'kuuswa, iwo ankayala mkeka pakhonde Loweruka lonse akusankha, njere imodziimodzi. Mulu woyamba unali wa mtedza waukulu, wofiira, wosalala. Umenewo unali wa Mulungu, wokapereka pa masika. Mulu wachiwiri unali wa mbewu ndi wa ana. Mulu wachitatu unali wa mphwephwa, wosweka, wakuda, wobooka ndi tizilombo, wochita chuku. Umenewo unali wawo. Ankaukazinga okha pa chiwaya, n'kuwaza kamchere, n'kuthira m'thumba la buluku. Chakudya chawo cha masana kuntchito chinali chimenecho, chaka ndi chaka. Wina unkawawa moti ankachita kutsinzina pomeza.

Ndinkakangana nawo, osati chifukwa ndinkadziwa kanthu, koma zinkandinyansa.

"Bambo a Lois, kodi ndinu nkhuku? Tayani zimenezo."

"Chakudya sataya, mayi a Lois. Mulungu ndimupatse wowola?"

"Ayi."

"Ana ndiwapatse wowola?"

"Ayi."

"Nanga watsala ndani?"

"Latsala dzala."

Ankaseka n'kusisita pamimba. "Dzala lake ndi limeneli."

Pa Lamlungu la masika, zopereka zikamagulitsidwa panja pa tchalitchi, dengu la a Namakhwa ndilo linkayamba kupita. Ogula anali akuluakulu omwewa. A Potiphar mwadya mtedza wa amuna anga zaka zambiri, musakane. Ndipo pa guwa munkawatchula. "Taonani a Namakhwa. Zokoma apereka kwa Ambuye, iwo adya zotsala. Nanga inu?" Iwo ankawerama ndi manyazi, koma anthu ankamva. Makomo ambiri anayamba kusankha chimodzimodzi. Wabwino kutchalitchi ndi kwa mavenda a pa Lirangwe, wotsala mumtondo. Kungoti m'makomo enawo si bambo amene ankadya wotsalawo. Unkasanduka nsinjiro, nsinjirozo n'kulowa m'phala la ana.

Pa njala ya 2002 anthu ankadya gaga ndi mizu ya nthochi. Amuna anga ankabwera ndi kaufa kochokera ku Chileka n'kugawa makomo atatu tisanaphike ife. Ndinawalalatira mpaka mawu anandithera. Anangoti, "Njala ya mnzako ikakukomera, iwe wafa kale." Tinapulumuka tonse. Pamenepo ndinagonja, ndikuvomera kuti anachita bwino.

Atapuma ntchito, chaka china kunabwera galimoto yoyera ya anthu a kafukufuku. Mmodzi wa iwo tinkamudziwa, Sabrina, mwana wa a Hakimu a golosale ya pa Lirangwe, amene anakaphunzira za sayansi ku Blantyre. Ankayenda khomo ndi khomo kutapa mtedza ndi chimanga m'timapepala ta pulasitiki. Ankafunsa kuti timayanika pati, timasunga bwanji, ndiponso ngati timawaza madzi pa makoko kuti afewe poswa. Ndinati inde timawaza, nanga zala zathu n'zachitsulo? Amuna anga anathamangira m'nyumba kukatenga wa mulu woyamba, poti mlendo sapatsidwa zonyansa.

Sabrina anati, "Ayi agogo, ndikufuna umene mumadya inuyo."

"Umenewo si woonetsa anthu, mwana wanga."

"Womwewo ndi umene ndabwerera."

Amuna anga anapisa m'thumba n'kumupatsa akuyang'ana kumbali. Anthuwo analemba, anatijambula, anati abweranso kudzatiuza zimene apeza. Dzinja linadutsa. Linanso linadutsa. Mkeka unkayalidwabe pakhonde.

Kenako amuna anga anayamba kuonda. Mapewa anatuluka, mimba inakula, maso anachita chikasu. Ku Lirangwe anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anawajambula n'kutiuza kuti ndi khansa ya m'chiwindi, yafika patali, kazipitani kunyumba ndi mankhwala opha ululu. Titafika kuno pakamwa pa anthu panatseguka. Ena ati ankamwa kachasu mobisa ku Chileka. Ena ati matenda a masiku ano. Ena ati ndawadyetsa ine. Ena mwa onenawo amakhala benchi lakutsogolo ndi yunifomu yoyera, ndipo ndikuwadziwa mayina. Amuna anga zitawafika m'khutu anangoti, "Asiyeni. Akamanena ine ndiye kuti wina wapuma."

Ndi nthawi imeneyo pamene Sabrina anabwera, yekha, pa minibasi. Anaitanitsa msonkhano pasukulu. Tinabwera ochepa, chifukwa panalibe chogawa. Anatiuza kuti chuku cha pa mtedza ndi pa chimanga chimatulutsa poizoni wosaoneka ndi maso. Kukazinga sikumupha, kuphika sikumupha. Munthu sugwa lero kapena mawa, koma akamalowa pang'onopang'ono zaka zambiri amawononga chiwindi, ndipo ofufuza akumukayikiranso pa kupinimbira kwa ana. Anati poizoniyo amachuluka mtedza ukanyowa, ukayanikidwa padothi, kapena ukasungidwa usanaume. Anati pa zimene anatapa m'mudzi muno, wosankhidwa bwino unali ndi wochepa, koma wotsala uja ndi umene unali woopsa.

Anthu atabalalika ndinamugwira mkono.

"Iwe Sabrina, undiuze osazungulira. Ndi mtedza umene ukupha amuna anga?"

"Mayi, kulumbira sindingalumbire. Chiwindi chimadwala ndi zambiri, palinso kachilombo kamene kamachigwira. Koma umene anandipatsa uja sunali woti munthu adye."

"Munadziwa liti?"

Anayang'ana pansi. "Zotsatira zinatuluka chaka chatha. Zinayamba zapita kunja kwa eni kafukufuku, akazione, azilembe. Za kubwera kumudzi zinali kumapeto."

Mwamva? Nkhani ya mtedza wa m'thumba la amuna anga inakwera ndege pa Chileka pompa, kudutsa pa udzu umene iwo anatchetcha moyo wawo wonse, n'kukawerengedwa ndi anthu amene sanaswepo mtedza chibadwire. Kuti ifike pa Chigaru, pamene njinga imafika dzuwa lisanakwere, zinatenga chaka. Chaka chimenecho munthu ankadyabe. Mwanayo sindikumuda, iye ndiye anabwera. Koma amene anamutuma, kulikonse kumene ali, adziwe kuti kuli mayi wamasiye ku Lirangwe amene sanawakhululukire. Abusa akuti ndiyesetse. Ndikuyesetsa, sizikutheka.

Nditawafotokozera amuna anga ndinkayesa akwiya, kapena alira. Koma anangofunsa kuti, "Ndi makomo angati amene akusankha ngati ine?"

Ndinati, "Mpingo wonse. Ndipo akudyetsa ana."

Anatuma mwana wathu Lois kukaitana a Potiphar. Masika anali atatsala pang'ono. A Potiphar anafika, anakhala pampando, anapemphera pemphero lalitali. Atatha amuna anga anati, "Akulu, ndikupempha mundipatse mpata Lamlungu la masika. Andinyamula pa njinga. Ndikufuna ndiuze anthu kuti mtedza wowola azitaya."

"Aa, a Namakhwa, inu ndi thupi limeneli mukaime pagulu?"

"Ndikhala pansi."

"Komanso taganizani. Mukawauza kuti wowola azitaya, adya uti? Adya wabwino. Nanga pa masika abweretsa chiyani? Denga la tchalitchi mukuliona mmene likudonthera. Masika adutse kaye, akulu ampingo tikhale pansi, tione mmene tingainenere nkhaniyi mwanzeru."

Ine ndinati, "Ndiye denga lipose ana?"

"Mayi, tikulankhula amuna."

Ndinali ndi chipande m'manja. Chimene chinandigwira ndi maso a amuna anga basi. Masika anadutsa. Akulu ampingo mpaka lero akadali kufunafuna pokhala.

Patapita masiku ochepa amuna anga anatiuza kuti tikumbe dzenje kuseri kwa nyumba, lakuya. Lois anakumba. Anati tiwanyamule, ndipo tinawanyamula pa mkeka, poti anali atapepuka ngati mwana. Anati tibweretse dengu la mulu wachitatu, limene anasankha asanagone pansi. Ndinafuna kukhuthula ine, anakana. Munthu amene ankatola njere ya chimanga pamsewu n'kuika m'thumba, amene sanatayepo chakudya kuyambira ali wamasiye, anapendeketsa dengulo ndi manja awo mpaka lonse linathera m'dzenje. Nkhuku zinathamangira. Anati, "Zipitikitseni, nazonso ndi zolengedwa." Kenako anapemphera. "Ambuye, ndinkayesa ndikukulemekezani. Sindinadziwe kuti thupi ili nalonso linali la mulu wanu. Ana a eni ake muwateteze."

Ndinaona amuna anga akupereka zambiri pa moyo wawo, koma chopereka chimene chinawapweteka ndi chimenechi.

Tikuwabweza m'nyumba anandiyang'ana n'kumwetulira. "Mayi a Lois, mukawauze inuyo. Mulungu anakupatsani pakamwa, ine ndakhala ndikupamva zaka zonsezi. Ena apamveko."

Anamwalira Lachinayi masana, abusa atawadyetsa mgonero m'mawa wake. Mutu unali pamiyendo panga. Sanabuule. Anapempha madzi, anamwa pang'ono, anathokoza, n'kutseka maso ngati munthu wobwera kumunda. Imfa yawo inali ya mtendere. Wopanda mtendere ndine.

Pamaliro pawo a Potiphar anaimirira kunena mbiri, nati, "Munthu uyu ankadya zowola kuti Ambuye alandire zokoma. Tiyeni timutsanzire." Ndinadzuka pa mkeka wa anamfedwa. Amayi a Mvano anandigwira chitenje n'kundikhazika pansi, akuti namfedwa salankhula. Chabwino. Chaka chakwana, nsalu yakuda ndavula, ndipo pepala mwandipatsa nokha.

Ndiye imvani, inu a mpingo wa ku Chigaru, ndi Asilamu anzathu a pa Lirangwe amene mungabwereke kalatayi, poti chuku sichifunsa kumene munthu amapemphera. Mtedza uume bwino, ndipo musayanike padothi. Poswa musawaze madzi, zala zipweteke. Wakuda, wa mphwephwa, wowawa, wochita chuku, musasinje, musakazinge, musapatse mwana kapena chiweto. Chimanga chowola chimodzimodzi. Wina akakuuzani pa guwa kuti kudya zowola ndi chikhristu, mufunseni kuti iyeyo kwake amadya mulu uti.

A Laston Namakhwa anali munthu wa Mulungu. Atsanzireni pa kusesa, pa kunyamula odwala, pa kugawa kaufa chaka cha njala, pa kusabwezera mawu. Atsanzireninso pa ichi, chimene ambiri a ife sitingathe: atamva kuti chimene ankatamandidwa nacho chikupweteka ana, sanateteze dzina lawo ngakhale tsiku limodzi.

Lamlungu la masika ndibwera ndi dengu langa. Mulipeza lochepa, chifukwa wabwino wambiri adya zidzukulu zanga, ndipo za zimenezo ndikayankha ndekha kwa Mulungu, osati kwa mlembi. Amene akufunadi kukumbukira amuna anga asabweretse maluwa kumanda. Asankhe mtedza wake, akatha abwere kwathu adzabwereke khasu.